Kumene Eni Dziko Amadya ndi Kucheza ku Tennessee

Chaka ndi chaka alendo ochuluka amafika mu mzinda wa Memphis, m'dziko la Tennessee, kudzaona Graceland, nyumba imene woimba wotchuka Elvis Presley anagula m'chaka cha 1957. Amalipira pakhomo, nazungulira zipinda, najambula zithunzi, nabwerera kwawo. Koma eni dziko, oyendetsa mabasi, anamwino, ophika ndi a m'mafakitale, ali ndi malo awoawo kumene amatengera mabanja awo akalandira malipiro. Ambiri a malo amenewa ndi aang'ono ndi osakwera mtengo, ndipo ena munthu amalowa ulere. Chinanso nchakuti ambiri a iwo anayambidwa ndi anthu a ntchito m'masiku amene munthu wakuda sankaloledwa kukhala pa tebulo limodzi ndi Mzungu. Chotero wofuna kulidziwa bwino dzikoli ayenera kuyamba ndi kufunsa kumene anthu wamba amadya, ndiponso m'mene anapezera ufulu wodya kumene afuna.

DZIKO LAKE NDI MALAMULO AKE AKALE

Tennessee ndi limodzi la mayiko 50 a m'chitaganya cha United States, ndipo lili chakumwera. Kukula kwake nkochepera pang'ono kwa Malawi, koma pamene Malawi anagona kuchokera kumpoto kunka kumwera, Tennessee anagona chopingasa, mtunda wa mailosi 440 kuchokera ku mtsinje wa Mississippi kumadzulo kufikira ku mapiri a kum'mawa. Anthu ake ndi okwana ngati 7 miliyoni. Mbendera yake ili ndi nyenyezi zitatu, kutanthauza zigawo zake zitatu: chakumadzulo, kumene amalima thonje, chapakati, kumene kuli likulu la dzikolo, Nashville, ndi chakum'mawa, cha mapiri ndi nkhalango.

Kufikira zaka za m'ma 1960, mahotela, nyumba zodyeramo, nyumba za kanema ndi mabwalo opumirako zinali zogawidwa potsata khungu. Akuluakulu amene anagwira ntchito ku Lusaka kapena ku Migodi m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nagula nyama pa kawindo ka m'mbali mwa sitolo, sasowa kuwafotokozera m'mene zinkawawira. Ku America vutolo linali lalikulu kotero kuti m'chaka cha 1936 Bambo Victor Hugo Green, wantchito wa ku positi wokhala ku New York, anayamba kusindikiza buku lotchula nyumba zimene munthu wakuda wa pa ulendo akanagonamo kapena kudyamo osapirikitsidwa. Tsankho la m'malo otere linaletsedwa m'chitaganya chonse pa 2 Julaye 1964, pamene President Lyndon Johnson anasaina lamulo la ufulu wa anthu.

MEMPHIS: MLAMBA, KHOBWE NDI NYAMA YA UTSI

Ulendo wa kumadzulo umayambira ku Memphis, pa gombe la Mississippi. Kumwera kwa mzindawo, m'msewu wa Mississippi Boulevard, kuli nyumba yodyeramo yotchedwa The Four Way, imene Bambo Clint Cleaves ndi akazi awo a Irene anatsegula m'chaka cha 1946. Bambo Cleaves anali dalaivala wa E. H. Crump, Mzungu amene anagwira ndale za mzindawo m'manja mwake zaka zambiri. Nyumbayo inali imodzi ya nyumba zowerengeka m'Memphis m'mene akuda ndi Azungu ankadyera pamodzi, ndipo Dr. Martin Luther King ankadyamo akabwera mu mzindawo.

Munthu wa ku Malawi kapena ku Zambia sangadabwe ndi zakudya za m'nyumba zotere. Muli mlamba wokazinga atauviika mu ufa wa chimanga, therere lobala, khobwe, mbatata yophika ndi shuga, masamba onga a mpiru ophikidwa nthawi yaitali pamodzi ndi kanyama kofutsa, ndiponso mkate wa ufa wa chimanga wofanana ndi chigumu. Therere ndi khobwe zinaoloka nyanja kuchokera ku Africa m'masiku a malonda a akapolo, ndipo zidzukulu za akapolowo zinasunga kaphikidwe kake.

Chakudya chimene Memphis amanyadira koposa ndi nyama ya nkhumba imene amaitcha barbecue. Saiwotcha pa moto wa malawi monga kanyenya wa pa msika. Amaika phewa lathunthu la nkhumba m'ng'anjo, nasonkha moto wa pansipansi wa makala kapena wa nkhuni za mtengo wa hickory, nailola kuti ipse ndi utsi maola ambiri kufikira nyama ichoka yokha pa fupa. Pa nkhani ya nthiti anthu a mu mzindawo ali pawiri. Ena amati zabwino ndi zouma, zowazidwa tsabola ndi zokometsera. Ena amati ndi zonyowa, zopakidwa msuzi wa tomato, viniga ndi shuga. Nthiti zouma zinatchuka ndi nyumba ya Rendezvous, imene Charlie Vergos, mwana wa Agiriki, anayamba m'chaka cha 1948, ndipo ili m'chipinda cha pansi, khomo lake lili m'kanjira ka pakati pa nyumba zazitali. M'msewu wa Lamar Avenue muli Payne's, ya banja la anthu akuda, yomwe inayamba m'chaka cha 1972 ndipo ili m'nyumba imene kale inali yogulitsirapo petulo. Kumeneko nyamayo amaidula ndi chikwanje chaching'ono, naiika pakati pa buledi pamodzi ndi kabichi wosakaniza ndi mastadi.

ABAKHA A M'HOTELA NDI TSIKU LIMODZI PA MLUNGU

Ana a ku Memphis amakonda chionetsero chimene sichilira ndalama. Pa hotela yaikulu ya Peabody, abakha asanu amakhala pa denga. Tsiku lililonse pa 11 koloko m'mawa amatsika pa chikepe, nayenda pa mkeka wofiira kunka ku kadziwe ka m'chipinda cholandirira alendo, ndipo pa 5 koloko madzulo amabwerera momwemo. Amene anawaphunzitsa kuguba kotero ndi Edward Pembroke, wantchito wonyamula katundu wa alendo, m'chaka cha 1940, ndipo anawayang'anira zaka 50.

Malo osungirako nyama za m'tchire a mu Overton Park lero amalandira banja lililonse tsiku lililonse, koma kale anthu akuda ankaloledwa tsiku limodzi lokha pa mlungu. Kumwera kwa mzinda kuli nkhalango ya boma yotchedwa T. O. Fuller, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1938 kuti ikhale ya anthu akuda, popeza nkhalango zina za boma zinali zotsekedwa kwa iwo. Mabanja amapitabe kumeneko kukayenda m'mitengo ndi kukawotcha nyama, ndipo palibe cholipira pa chipata.

Usiku anthu amapita ku Beale Street, msewu umene unali msika ndi bwalo la zisangalalo la anthu akuda, kumene W. C. Handy ndi B. B. King anatchukira ndi nyimbo za blues. Pafupi ndi msewu umenewu pali malo ena amene anthu amafikako mwakachetechete, hotela ya Lorraine. Inali ya Bambo Walter Bailey ndi akazi awo a Loree kuyambira 1945, ndipo inalembedwa m'buku lija la Bambo Green.

Nkhani yake ndi ya antchito. Pa 1 Febuluwale 1968 amuna awiri ochotsa zinyalala, Echol Cole ndi Robert Walker, anabisala mvula kumbuyo kwa galimoto yawo ya ntchito, ndipo makina opanikiza zinyalala anawaphwanya. Pa 12 Febuluwale anzawo okwana ngati 1,300 ananyanyala ntchito, kufuna malipiro oyenera ndi kuti bungwe lawo livomerezedwe. Dr. King anabwera kudzawathandiza, ndipo pa 4 Epulo anawomberedwa ataimirira pa khonde la chipinda cha nambala 306 cha hotelayo. Pa 16 Epulo akulu a mzinda anavomereza bungwelo nakweza malipiro. Kuyambira 1991 hotelayo ndi nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo ya ufulu, National Civil Rights Museum. Wolowa m'kati amalipira, koma khondelo limaoneka munthu ali pabwalo.

NASHVILLE: MPANDO WA PA TEBULO

Kuchokera ku Memphis kunka ku Nashville ndi mailosi ngati 210, ulendo wa maola atatu pa galimoto. Dzina la Nashville si lachilendo m'mbiri ya Malawi. Mu mzindamu muli sukulu ya udokotala ya Meharry, imene inayamba m'chaka cha 1876 kuti iphunzitse anthu akuda. Dr. Daniel Sharpe Malekebu anamaliza maphunziro ake kumeneko m'chaka cha 1917, ndipo m'chaka cha 1926 anatsegulanso mishoni ya Providence Industrial Mission ku Chiradzulu. Dr. Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo m'chaka cha 1937. Onse awiri anakhala mu mzinda umene munthu wakuda ankaloledwa kugula malaya m'sitolo yaikulu, koma osaloledwa kukhala pansi ndi kumwa tiyi m'sitolo yomweyo.

Amene anathetsa mwambo umenewu ndi ana a sukulu. Pa 13 Febuluwale 1960 ophunzira oposa 100 a ku Fisk, ku Tennessee A&I ndi ku sukulu ya ubusa ya American Baptist analowa m'masitolo a Woolworth, Kress ndi McLellan, nakhala pa mipando ya malo odyera, napempha chakudya. Anakanizidwa, koma sanachoke. Mbusa James Lawson anali atawaphunzitsa kusabwezera ngakhale atamenyedwa. Pa 27 Febuluwale gulu la anyamata a Chizungu linawamenya, ndipo apolisi anamanga ophunzira 81, osamanga omenyawo. Pamenepo makolo awo analeka kugula m'masitolo a m'tauni, ndipo eni masitolo anayamba kumva kuwawa m'thumba.

Pa 19 Epulo bomba linaponyedwa pa nyumba ya Bambo Z. Alexander Looby, loya wa ophunzirawo. Iwo ndi akazi awo anapulumuka, koma mazenera oposa 100 a ku Meharry, tsidya lina la msewu, anasweka. Tsiku lomwelo anthu zikwi anaguba mwakachetechete kunka ku maofesi a mzinda. Kumeneko Diane Nash, wophunzira wa ku Fisk, anafunsa mfumu ya mzinda, a Ben West, pamaso pa khamu lonse ngati kunali kolungama kusankha munthu chifukwa cha khungu lake. A West anavomera kuti nkosalungama, ndi kuti malo odyerawo atsegulidwe kwa onse. Pa 10 Meyi masitolo asanu ndi imodzi anapatsa anthu akuda chakudya pa mipando yawo. Mbali ya msewu wa Fifth Avenue, kumene kunali masitolowo, inapatsidwa dzina la John Lewis, mmodzi wa ophunzirawo, ndipo m'laibulale yaikulu ya mzinda muli chipinda chosimba mbiri imeneyi, cholowa ulere.

NKHUKU YA TSABOLA

Chakudya chimene chatchukitsa Nashville m'zaka zino chinabadwira m'dera la anthu akuda. Ndi nkhuku yokazinga yopakidwa phala la tsabola wowawa, yoikidwa pa buledi woyera pamodzi ndi nkhaka zoviikidwa mu viniga. Eni ake ndi a banja la Prince. Nkhani imene banjalo limasimba ndi yakuti kholo lawo, Thornton Prince, anali munthu woyendayenda usiku, ndipo mkazi amene ankakhala naye anamthirira tsabola wochuluka mu nkhuku pofuna kumlanga. Mwamunayo anaikonda, natsegula nyumba yoigulitsiramo. Kwa zaka zambiri Azungu ochuluka a mu mzindamo sankaidziwa. Oimba ena a Chizungu amene anamva fungo lake ankabwera usiku atatha ntchito, ndipo ndiwo ankakhala m'chipinda chakuseri. Mayi André Prince Jeffries anatenga ntchitoyo m'chaka cha 1980, ndipo m'chaka cha 2013 nyumbayo inalandira mphotho ya James Beard, yolemekezeka pakati pa ophika a ku America. Nkhukuyo ili m'magulu, kuyambira yosawawa kufikira yotulutsa misozi, ndipo mlendo achita bwino kufunsa asanagule, pakuti safunsa anadya phula.

Wa ntchito wofuna chakudya cha masana amapita ku nyumba zimene lamulo lake ndi nyama imodzi ndi ndiwo zitatu. Munthu amatenga thireyi, nayenda pa mzere, nasankha nkhuku kapena ng'ombe kapena nsomba, nawonjezerapo ndiwo zitatu za kumunda. Nyumba ya Swett's, kumpoto kwa mzinda, yakhala ikuchita zimenezi kuyambira 1954, ndipo pa mzere wake pamaima ophunzira, amisiri ndi akuluakulu a boma.

Loweruka usiku kuli Grand Ole Opry, chionetsero cha nyimbo za country chimene chakhala chikumveka pa wailesi ya WSM kuyambira 1925. Mmodzi wa oimba ake oyamba otchuka anali munthu wakuda, DeFord Bailey, katswiri wa kalimba ka pakamwa kotchedwa harmonica. Anachotsedwa m'chaka cha 1941, nadzisunga ndi ntchito yopukuta nsapato, ndipo anapatsidwa ulemu m'nyumba ya akatswiri a nyimbozo m'chaka cha 2005, atamwalira kale.

LYNCHBURG NDI CHATTANOOGA

Kumwera kwa Nashville kuli kamudzi ka Lynchburg, kumene amatcheza mowa wa Jack Daniel's. Sikuli kumene John Chilembwe anaphunzira, pakuti Lynchburg wake uja ali m'dziko la Virginia. Alendo amaonetsedwa kasupe wa m'phanga ndi makala amene amasefera mowawo. M'chaka cha 2016 kampaniyo inayamba kunena poyera kuti amene anaphunzitsa Jack Daniel kutcheza anali kapolo, Nathan Green, amene ankatchedwanso Nearest.

Mzinda wa Chattanooga uli pa mtsinje wa Tennessee, patsinde pa phiri la Lookout. Sitima ya pa njanji yokokedwa ndi chingwe yakhala ikukwera phirilo kuyambira 1895, mtunda wa ngati mailo imodzi, ndipo chakumtunda njanjiyo imaimirira moti okwera amaona mzinda pansi pa mapazi awo. M'kati mwa phirilo muli mathithi a Ruby Falls, amene Leo Lambert anawapeza m'chaka cha 1928 nawatcha dzina la mkazi wake. Alendo amatsikirako pa chikepe. Mu mzinda womwewu munayambira keke yozungulira yotchedwa MoonPie, m'chaka cha 1917. Inali yotsika mtengo ndi yokhutitsa, ndipo antchito a m'migodi ya malasha ndi a m'mafakitale a nsalu ankaidya masana pamodzi ndi botolo la RC Cola. Pa gombe la nyanja ya Chickamauga pali nkhalango ya Booker T. Washington, inzake ya T. O. Fuller, imene inalinso ya anthu akuda. Lero amapitako onse kukawedza ndi kukacheza.

MAPIRI A UTSI

Kum'mawa kwenikweni, pa malire a North Carolina, kuli mapiri a Great Smoky, otchedwa tero chifukwa cha nkhungu yabuluu imene imayandama pa mitengo ngati utsi. Nkhalangoyi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1934, ndipo m'chaka cha 2024 inalandira alendo oposa 12 miliyoni, kuposa nkhalango ina iliyonse ya mtundu wake ku America. Palibe cholipira pa chipata, koma m'chaka cha 2023 anaika msonkho wa madola 5 pa tsiku kwa woimika galimoto.

Mabanja amakonda chigwa cha Cades Cove, kumene msewu wa mailosi 11 umazungulira madambo, matchalitchi akale ndi nyumba za mitengo, ndipo agwape ndi zimbalangondo zakuda zimaoneka m'mbali mwa msewu. Ku Elkmont, chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, ziphaniphani zikwizikwi zimawala nthawi imodzi ndi kuzima nthawi imodzi. Ofuna kukaona ndi ochuluka kotero kuti amasankhidwa mwa maere.

Nayonso nkhalangoyi ili ndi ngongole zake. Eni ake oyamba, a mtundu wa Cherokee, anathamangitsidwa ndi asilikali m'chaka cha 1838 kunka kumadzulo, ndipo zikwi zingapo anafera pa njira. Pokhazikitsa nkhalangoyo, mabanja a alimi anagulidwa minda nasamutsidwa. Nsonga yaitali koposa, ya mafiti 6,643, msinkhu wofanana ndi phiri la Zomba, inkatchedwa Clingmans Dome, dzina la mkulu wa asilikali a kumwera pa nkhondo ya pachiweniweni. M'mwezi wa Seputembala 2024, a Cherokee atapempha, inabwezeredwa dzina lake lakale, Kuwohi.

NYUMBA IMAKHALA NDI ODYAMO

Kutseguka kwa zitseko sikunapindulitse onse. Anthu akuda atayamba kuloledwa m'mahotela ndi m'masitolo a m'tauni, ndalama zina zimene zinkazungulira m'madera awo zinatuluka. Pamwamba pa izi panabwera ntchito za boma. Ku Nashville msewu waukulu wa Interstate 40 unadula dera la Jefferson Street chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo masitolo ndi nyumba za nyimbo zambiri, kumene Jimi Hendrix anaimba ali mnyamata, zinatha. Ku Memphis nyumba zambiri zozungulira Beale Street zinagwetsedwa, ndipo msewuwo unakhala bwinja kufikira unatsitsimutsidwa m'chaka cha 1983. Hotela ya Lorraine inagulitsidwa chifukwa cha ngongole m'chaka cha 1982, ndipo ikanatha anthu akanapanda kusonkha ndalama zoigulira.

Ngakhale The Four Way inatsekedwa m'chaka cha 1996. Amene anaiwombola ndi Bambo Willie Earl Bates, amene anakulira m'dera lomwelo. Anaigula naitsegulanso m'chaka cha 2002, ndipo iwo atamwalira banja lawo linapitiriza ntchitoyo. Lamulungu anthu akatuluka m'matchalitchi amadzaza matebulo ake atavala za ku mapemphero, agogo, makolo ndi ana, ndipo mlendo wa khungu lililonse amapatsidwa mpando pakati pawo, namufunsa ngati afuna mlamba kapena nkhuku, ndi ndiwo ziti.